Pepala Limene Ndinawerenga Monama

Dalitso ndi Misozi, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ku Katete ndinakuuzani mpaka munatopa nazo, choncho ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu yoyera. Gawo lino ndalilemba katatu n'kung'amba, chifukwa mayi wanu saoneka bwino m'menemu. Koma mukamamva anthu akuti Sista Banda anali mzamba wa manja abwino, muzidziwanso kuti anali ndi njiru, ndipo njiruyo inatsala pang'ono kupha munthu.

1975, Chongwe

Ntchito yanga yoyamba inali pa chipatala chaching'ono ku Chongwe, pafupi ndi msewu waukulu wopita kum'mawa. Ndinafika ndi sutikesi yamalata, mbaula, ndi satifiketi ya uzamba imene ndinkainyadira ngati ya udokotala. Sista wamkulu amene ndinamupeza anali mayi wosaseka, woyeza ukhondo wa munthu poyang'ana zikhadabo, koma ndi iyeyo anandiphunzitsa kufufuza mimba ndi manja mpaka kudziwa kumene kuli mutu ndi kumene kuli msana wa mwana. Chaka chomwecho ndinakwatiwa ndi bambo anu, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale chapafupi. Chaka chotsatira ndinali ndi pakati pa iwe Dalitso, ndipo manja anga omwe anandiuza kuti mwanayu wakhalira matako. Ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka, anandigoneka, ndipo ndinadzuka mwana ali pambali, ulusi uli pamimba. Kulira kwako koyamba sindinakumve.

Kwathu mkazi akabereka, amayi amene ali naye amaimba nthungululu kuti amuna panja adziwe kuti zatha bwino, ndipo amamuyamika kuti walimba mtima. Nthungululu zoterezi ndinali nditazimva kambirimbiri ndili ndi magazi a anthu ena m'manja. Zanga sizinaimbidwe. Agogo anu, amayi awo a bambo anu, anabwera kuchokera kumudzi, anakunyamula, anakuyang'ana bwinobwino, kenako anafunsa alamu anga ine ndili pomwepo kuti, "Nanga mzamba wabwanji wokangiwa kubala yekha? Sukulu yonse ija anaphunzira kubalitsa anzake chabe?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ulusi ukundikoka.

Pa mimba ya iwe Misozi ndinachonderera dokotala kuti andilole kuyesa ndekha. Anandiyeza n'kundiuza kuti chiuno changa n'chopapatiza, mwana sangadutse. Ananena zoona, ndipo monga mzamba ndinadziwa kuti akunena zoona, koma ndinamuda mumtima. Pa opaleshoni yachiwiriyo magazi anakana kusiya, ndipo kuti andipulumutse anachotsa chiberekero. Bambo anu anapirira zaka ziwiri, kenako anapeza mayi uja mukumudziwa, amene anawaberekera ana asanu ngati akusenda mtedza. Sindikulemba izi kuti muwade, anapita kale kumanda. Ndikungofuna mudziwe mtima umene ndinali nawo pamene ndinapempha kuti andisamutse.

1980, Bundabunda

Kachipatala kamene ananditumizako kanali ka zipinda zinayi, kutali ndi msewu wa tala, kutsidya kwa kamtsinje kamene m'chilimwe mwana ankakalumpha koma m'dzinja kankakokolola ng'ombe. Woyang'anira anali ba Mulenga, wothandiza dokotala, Mbemba wamtali wokonda mpira wa pa wailesi. Anali munthu wabwino, wochedwa kupsa mtima, koma wokhulupirira mapepala kuposa anthu. Chilichonse chosalembedwa m'buku kwa iye chinali chisanachitike.

Zinali zaka za kusowa. Magulovu tinkawachapa, kuwayanika pachingwe, kuwathira ufa wake n'kuwavalanso mpaka chala chitulukire. Majakisoni agalasi tinkawiritsa pa mbaula. Sopo akapezeka ku sitolo ya boma, mzere unkayamba dzuwa lisanatuluke, ndipo ine ndinkadula chidutswa chimodzi patatu. Galimoto tinali nayo imodzi yogawana ndi zipatala zina ziwiri, ndipo ikakhala ndi mafuta inalibe matayala, ikakhala ndi matayala akuluakulu a chipani anali ataibwereka. Kudandaula kunalibe kopita nako, chipani chinali chimodzi ndipo wobwerekayo ndi yemwe ukanamudandaulira.

Chifukwa cha zimenezi lamulo la amayi a chipsera linali lolimba. Mayi aliyense amene anachitidwapo opaleshoni tinkamulemba nyenyezi yofiira pa kadi ya sikelo, ndipo mwezi wachisanu ndi chinayi ukayamba ankayenera kupita ku Lusaka kukadikira pafupi ndi madokotala, chifukwa chipsera chikang'ambika m'kati pa nthawi ya matenda, kwathu kunalibe mpeni kapena magazi omupulumutsira. Cholembera chofiira chikatha ndinkakabwereka kwa ahedi a sukulu. Amayi ankaida nyenyeziyo. Ku Lusaka kunali kutali, ufa unali wa pamzere, ndipo minda inalibe wolimira. Ambiri ankabwera ndi nkhani yoti kadi inadyedwa ndi chiswe kapena mbuzi, kuti ndiwapatse yatsopano yopanda nyenyezi, kuiwala kuti chipseracho ndichiona akangogona pabedi.

Kumeneko palibe ankadziwa kuti inenso ndili nacho. Ndinkasamba ndekha, ndipo lamba wa yunifolomu ndinkamanga mothina. Amayi akamabuula ndinkawauza kuti, "Limbani, tonse tinapitamo," ndipo ankandikhulupirira.

1983, Okutobala

Rozina anabwera tsiku la sikelo, kukutentha koopsa. Anali mtsikana wa zaka ngati makumi awiri ndi ziwiri, wa banja lochokera ku Petauke limene linapatsidwa malo olima kuseri kwa phiri. Anthu ankamutchula kuti amake Lute. Chimene ndinayamba kuona si iyeyo ayi, koma mwamuna wake, Jailosi. Anamubweretsa pa njinga, anamutsitsa pang'onopang'ono, kenako anakakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kamwana kawo pamiyendo, mwamuna yekha pakati pa amayi makumi atatu, osachita manyazi. Amayi ankamuseka kuti kodi nayenso wabwera kudzayezetsa mimba, iye n'kumangoseka nawo. Bambo anu sanandiperekezepo ku sikelo ngakhale kamodzi, ndipo njiru inandigwira mtsikanayo asanalowe n'komwe.

Rozina sanabise kanthu. Anakweza yekha chitenje n'kundionetsa chipsera chake, chopingasa m'munsi mwa mimba, chopola bwino. Kenako anatulutsa pepala lokulungidwa m'kathumba ka shuga, limene anamupatsa ku Lusaka pomutulutsa.

"A Sista, ine sukulu sininapite patali," anatero. "Amuna anga awerenga Chinyanja chabe, Chizungu cha madokotala chiwakanga. Niwerengereniko. Nifuna kudziwa ngati uyu ningabale nekha."

"Chifukwa chiyani mufuna kubala mwekha?" ndinamufunsa.

Anaseka mwamanyazi. "Apongozi anga akamba kuti nine waulesi, ninathawa nchito ya azimayi. Koma si iwo chabe. Nifuna nimumveko mwana wanga pamene abwera. Lute ninamuona mawa lake."

Ndinaliwerenga pepalalo kawiri. Dokotala analemba momveka kuti opaleshoni inachitika chifukwa mwana anakhalira matako, kuti anacheka m'munsi mopingasa, kuti chiuno n'chotakasuka, ndipo kuti mimba yotsatira, mwana akakhala bwino, mayiyu aloledwe kuyesa kubereka yekha, koma m'chipatala chachikulu, madokotala ali pafupi. Vuto lake linali ngati langa loyamba lija, koma iye anapatsidwa chimene ine ndinachipempha ndikulira n'kumanidwa. Ndinamufufuza mimba, zonse zinali bwino. Ndinayang'ana pawindo, mwamuna uja anali akumupatsa mwana madzi m'chivindikiro cha botolo.

"Apa alemba kuti akakung'ambani kamodzi, ni kung'amba basi," ndinatero. "Mukafika ku Lusaka azakuchitani opaleshoni. Za kubala mwekha muiwaleko."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ngati ndikumuuza tsiku lobweranso. Palibe anandituma, ndipo sindinganene kuti ndinalakwitsa kuwerenga. Sindinafune kuti amve chimene ine sindinamve. Nkhope yake inagwa, anapinda pepalalo bwinobwino n'kulibweza m'kathumba, ananena zikomo, natuluka. Ndinalemba nyenyezi yofiira pa kadi yake n'kuitana wotsatira.

Mu Novembala anabwera, wosalankhula. Mu Disembala ndi Januwale sanaoneke. Ndinadziwa chifukwa chake. Mayi amene wauzidwa kuti ku Lusaka kuli mwayi woyesa amapita, koma amene wauzidwa kuti kuli mpeni wokha amabisala kumudzi mpaka matenda amuyambe. Kwawo unali ulendo wa ola limodzi pa njinga yanga, ndipo ndinkadutsa chapafupi popita kukabaya ana katemera, koma sindinapatuke. Tsiku lina ba Mulenga akuyang'ana m'buku anandifunsa kuti, "Ba Sista, uyu wa nyenyezi ali shani, ali kuti? Miyezi iwiri palibe." Ndinayankha kuti mwina anapita kale kwa abale ku Lusaka, iwo analemba zomwezo m'buku.

1984, Febuluwale

Anafika naye pa ngolo cha m'ma teni koloko m'mawa, mvula itagwa masiku atatu osakata. Jailosi ankatsogolera ng'ombe, matope mpaka m'maondo, ndipo m'ngolomo munali Rozina ndi apongozi ake, mayi wamfupi wa mawu akuthwa. Matenda anali atayamba mbandakucha. Galimoto inali itapita dzulo lake ku Chongwe kukanyamula amayi okavina pa msonkhano wa chipani, ndipo ngakhale ikanakhalapo, kamtsinje kaja kanali katadzaza mpaka m'minda. Ba Mulenga anatuma Jailosi kuti akayang'ane ngati munthu angawoloke n'kukaimitsa lole kumsewu. Anabwerako patapita ola limodzi, atanyowa mpaka m'khosi, n'kungopukusa mutu.

Nditamuyeza ndinapeza njira itatseguka kupitirira theka, mutu uli pansi. Kumubweza kunalibe, kumutumiza kunalibe. Ndinamuika diripi, imodzi mwa ziwiri zimene tinali nazo, ndinakonza jakisoni yoletsa magazi, kenako ndinakhala pambali pake ndi wotchi. Ndinkadziwa zimene ndikudikira: kuthamanga kwa mtima wa mayi, ululu wa pachipsera wosaleka ngakhale mimba itapumira, magazi otuluka nthawi isanakwane, kapena mtima wa mwana kuyamba kuzilala. Chimodzi mwa izi chikanaoneka, ndikanangomuyang'ana akufa, chifukwa panalibe china chochita. Mphindi khumi ndi zisanu zilizonse ndinkaika kachitsulo komvera pamimba pake n'kuwerenga, dzanja lina lili pachipsera. Sindinapempherepo ngati tsiku limenelo, ndipo pemphero lake linali la munthu wodziwa kuti mlandu ndi wake.

Cha m'ma thwelofu ndinacheuka n'kuona apongozi aja akumuyandikizira kabotolo kukamwa. Unali mankhwala a mizu ofulumizitsa matenda, amene ngakhale kwa mayi wopanda chipsera amatha kuphulitsa chiberekero. Ndinalanda kabotoloko n'kukhuthulira m'ndowa.

"Wamwa kangati?" ndinafunsa.

"Akalibe kumwa," anayankha mokwiya. "Ise tinabala ana eyiti na mankhwala yamene aya. Imwe mufuna achedwe kuti mukamung'ambe futi."

"Mukamupatsa ngakhale kadontho, muzanyamula maliro awiri pa ngolo ija. Khalani apo pa mpando, manja pa miyendo."

Anakhala, koma maso awo sanandichoke. Pa nthawi yomweyo ba Mulenga analowa kudzaona mmene zinthu zilili, ndipo Jailosi anawapatsira pakhomo kathumba ka shuga kaja pamodzi ndi kadi. Ndinawaona akufunyulula pepalalo. Anawerenga, anagwedeza mutu, nandiitanira pakhonde.

"Awe mwandi, anthu aba," anatero motsitsa mawu. "Onani, ba dokotala analemba kuti angayese kubala yekha ku Lusaka. Manje anabisalira chani? Umbuli chabe. Nizalemba kuti anathawa sikelo."

Ndinangoti, "Lembani," n'kubwerera m'kati. Rozina anali asanauze munthu wa chipatala zimene ndinamuwerengera, ndipo ba Mulenga analibe chifukwa chondikayikira.

Cha m'ma fili koloko masana anayamba kukankha. Sanakuwe, anangoluma chitenje n'kugwira zitsulo za bedi. Ndinkamuuza nthawi yokankha ndi nthawi yopuma, ndipo ankandimvera ngati palibe choipa chimene ndinamuchitirapo. Mutu unaoneka, unabwerera, unaonekanso, kenako mwana yense anatuluka n'kugwera m'manja mwanga, wamwamuna, wolemera, akulira asanapukutidwe n'komwe. Rozina anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Namumva, a Sista. Namumva." Ndinadikira nsengwa, ndinabaya jakisoni, ndinasisita mimba mpaka inalimba, ndinayang'ana magazi. Anali a mlingo wake, ndipo chipsera chinali chitagwira.

Apongozi aja anaimirira n'kuimba nthungululu yaitali mpaka Jailosi panja anayamba kuwomba m'manja. Anavina pang'ono pakati pa chipinda, anamugwira Rozina masaya, n'kumuuza kuti, "Lero wankhala mkazi. Vija va mpeni venze va ulesi." Kenako anatembenukira kwa ine, mkwiyo wonse utatha. "Si mwamene, a Sista? Imwe mudziwa. Mwana wamene wamuvutikira wekha ndiye amakoma."

Ndinali nditawerama ndikusoka pamene anang'ambika pang'ono, choncho nkhope yanga sanaione. Ndinena mosabisa: ndinathokoza Mulungu kuti mtsikanayo ali moyo, ndipo nthawi yomweyo ndinkafuna kuti asiye kumwetulira. Zinthu ziwirizi zinali mumtima umodzi, ndipo njiru ndiyo inali yaikulu.

Patapita masiku atatu

Ndinamusunga masiku atatu kuti ndione ngati magazi kapena kutentha thupi kungabwere. Nkhani inali itatha bwino. Buku la ba Mulenga linkati mayi anathawa sikelo ndipo mzamba anamupulumutsa, ndipo iwo analonjeza kuti adzanditchula m'lipoti la kumapeto kwa mwezi. Ndikanatseka pakamwa, lero bwenzi mulibe chowerenga.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinkasambitsa mwanayo m'beseni, Rozina atakhala pabedi akumanga katundu. Anali wosangalala, wolankhula kwambiri.

"Madokotala a ku Lusaka ni aboza," anatero. "Analemba kuti siningabale, onani nabala. Mwana wokonkhapo nizabalira ku nyumba, sinizavutika na kubwera kuno. Nizauzako na amake Tomasi na amake Eneya, naonso ayopa mpeni. Niwauze kuti vamapepala ni vowayofya chabe."

Amayi awiri amene anawatchulawo ndinkawadziwa. Wina anali ndi zipsera ziwiri, winayo chake chinali choimirira kuchokera pamchombo, ndipo onse awiri anali ndi pakati pa miyezi isanu. Amenewo akanayesa kunyumba sakanaona dzuwa lotsatira. Ndinayamba kumufotokozera kuti iye anachita mwayi, kuti zipsera zimasiyana, kuti ngakhale iyeyo ulendo wina chikhoza kung'ambika. Anandimvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti mawu anga akungodutsa. Anali ndi umboni m'manja, mwana wonenepa, ndipo kwa iye pepala linanama. Njira yoti akhulupirirenso pepalalo inali imodzi yokha, ndipo ndinaiona bwinobwino. Ndinaganiza za ntchito yanga, za inu awiri amene munkadya kuchokera m'manja mwanga mokha, ndi za amayi onse amene ankandigwadira popereka moni. Ndinamupukuta mwanayo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

"Amake Lute," ndinatero, "madokotala sananame. Pepala ija ikamba kuti mungayese kubala mwekha, koma ku chipatala chikulu, pafupi na iwo. Wamene ananama ndine."

Anasiya kumanga katundu. "Munaphonya kuwerenga?"

"Iyayi. Ninawerenga bwino, kawiri."

"Nanga chifukwa?"

Ndinamuika mwanayo pa thaulo, ndinamasula lamba, ndinakweza yunifolomu n'kumuonetsa mimba yanga. Anali munthu woyamba ku Bundabunda kuiona. Ndinamuuza kuti ana anga onse awiri anatuluka ndi mpeni, kuti sindidzaberekanso, ndipo kuti pamene ndinaona pepala lake ndi mwamuna wake pansi pa mango paja, njiru inandigwira. Ndinkayembekeza kuti mwina alira nane, poti tonse tinali akazi a chipsera. Sanalire. Anayang'ana mimba yangayo, kenako nkhope yanga.

"Mwenze kufuna kuti nife?"

"Iyayi. Nenze kufuna chabe musankhale na chamene ine nilibe."

"Miyezi itatu nenze kugona na mantha," anatero pang'onopang'ono. "Nenze kubisama ku munda nikamva njinga yanu. Sembe munaniuza zoona, sembe ninapita ku Lusaka na mtima umodzi." Anatambasula manja. "Nipaseni mwana wanga."

Ndinamupatsa. Anamuveka yekha, ndipo ine ndinaima pamenepo lamba ali m'manja. Atamaliza anandiuza kuti iye sakauza munthu, chifukwa palibe angakhulupirire mlimi ponena za Sista. Anati ngati ndikufunadi kuti anzake aja apite ku Lusaka, ndikanene ndekha pa tsiku la sikelo, pamaso pa amayi onse, mmene ndanenera kwa iye.

Ndinayamba ndi ba Mulenga masana omwewo. Anavula magalasi, kenako anati, "Ba Sista, sembe simunaniuze. Manje mwaniuza, nifunika kulemba." Anafufuta mzere uja woti mayi anathawa sikelo, ndipo analemba zoona ndi dzanja lawo lokongola lija.

Lachitatu lotsatira amayi anasonkhana pakhonde monga mwa masiku onse, kudikira phunziro la zakudya za magulu. M'malo mwake ndinawauza za pepala la Rozina, zimene linanena ndi zimene ine ndinanena. Ndinawauza kuti chipsera china chimalola mayi kuyesa, china sichilola, ndipo wodziwa kusiyanitsa ndi dokotala amene ali ndi mpeni ndi magazi pafupi, osati apongozi, osati anzawo, osatinso mzamba wa njiru. Ndinawauzanso za mimba yanga. Mayi wina kumbuyo anaseka pang'ono, mnzake anamugunda ndi chigongono. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera ndi pepala la Chizungu ankayamba wapita nalo kwa ahedi a sukulu kuti amuwerengere, kenako n'kubwera kwa ine kudzamva ngati ndinena zofanana. Amayi awiri aja anapita ku Lusaka nthawi yawo itakwana, ndipo onse anabwerako ndi ana. Koma moni wogwada uja unatha, ndipo kumsika ndinkamva kumbuyo kwanga akuti, "Ni uja wong'ambiwa." Kalata yondidzudzula inabwera patapita miyezi inayi, ndipo ukulu wa usista umene ndinkauyembekeza unapita kwa mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kumanga mchombo. Chaka chisanathe anandisamutsira ku Nkomeshya. Munkandifunsa chifukwa chimene tinasamukira pakati pa temu, chifukwa chake ndi chimenechi.

1986, Nkomeshya

Rozina ndinamuonanso kamodzi kokha. Ndinapita ku Chongwe kukatenga katemera, ndipo pamalo odikirira basi ya ku Lusaka ndinamuona atakhala pa mtolo wa zofunda, mimba ili kutsogolo, pambali pali poto ndi kathumba ka ufa. Jailosi anaima chapafupi atabereka mnyamata uja kumsana ndi chitenje. Ankapita kukadikira, mwezi wathunthu nthawi isanakwane. Ndinawoloka msewu n'kuwapatsa moni. Jailosi anayankha mwaulemu, anandionetsa mwanayo kuti ndione mmene wakulira. Rozina anandiyang'ana, anati, "Tili bwino," n'kutembenukira kumene basi imachokera. Ndinaima pang'ono, ndinaona kuti palibenso mawu ena, ndinanyamula bokosi langa la katemera n'kumapita.

Patapita milungu isanu dalaivala wa galimoto ya chipatala, amene ankazungulira mbali zonsezo, anandiuza akutsitsa makatoni kuti amake Lute aja anabereka okha kachiwiri ku Lusaka, mwana wamkazi, madokotala ali pomwepo osagwira mpeni, ndipo kumudzi kwawo anaphera mbuzi. Ndinati Mulungu alemekezeke, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Kenako ndinalowa m'chipinda chosungira mankhwala, ndinatseka chitseko, ndinakhala pa katoni n'kulira. Sikunali kulira kwa chisoni pa zimene ndinachita ayi, kumeneko ndinali nditalira kale. Inali njiru yomwe ija, yosachepa ngakhale pang'ono, ngakhale nditaulula pamaso pa anthu n'kutaya ukulu chifukwa cha iyo.

Iwe Misozi unali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Unabwera kuchokera kusukulu kudzatenga kiyi wa kunyumba, unandipeza ndikutuluka m'chipindamo, ndipo unandifunsa chimene chafiiritsa maso anga. Ndinakuuza kuti ndi chimfine, iwe unathamanga kukandiwiritsira madzi a mandimu. Sichinali chimfine, mwanangu.